Udindo wa makampani kwa anthu m'mayiko okwera kumene pa chuma: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amakumana ndi zilembo zitatu za CSR pa mwambo wopereka mphatso: bwana wa kampani wagwira cheke, nduna ili pambali, atolankhani akujambula. Mafunso ali pansipa ndi amene munthu amatsala nawo mwambo ukatha, mahema atapasulidwa. Sindibisa mbali imene ndaima: udindo wa kampani umaoneka pa mmene ikupezera ndalama, zisanafike n'komwe pogawidwa.

Kodi CSR n'chiyani?

Ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Corporate Social Responsibility, onena za udindo umene kampani ili nawo kwa anthu ndi chilengedwe, kuwonjezera pa kupezera phindu eni ake. Ambiri amati ndi "kubwezera kwa anthu": kumanga midadada ya sukulu, kukumba mijigo, kulipirira ana osowa fizi, kuthandiza anthu madzi akasefukira. Zonsezi zilimo ndithu, koma ndi nthambi chabe. Tsinde lake lili m'ntchito ya tsiku ndi tsiku. Wantchito akulandira zingati, ndipo akavulala amuona ndani? Madzi oipa a m'fakitale akuthiridwa mumtsinje uti? Malo amene pali mgodiwo anatengedwa bwanji, ndipo amene ankalimapo ali kuti lero? Msonkho ukulipiridwa wonse? Kampani ikhoza kupereka mabiliyoni pa zachifundo koma n'kusowa yankho pa mafunso onsewa.

Nanga mayiko okwera kumene pa chuma ndi ati?

Dzinali analiyambitsa mu 1981 ndi Antoine van Agtmael, yemwe ankagwira ntchito ku IFC, nthambi ya World Bank yobwereketsa ndalama kumakampani. Ankafuna dzina lokopa anthu oika ndalama m'mabizinesi, chifukwa limene linalipo linkangowakumbutsa za umphawi. Palibe mndandanda umodzi umene onse amavomereza, koma China, India, Brazil, South Africa, Indonesia, Mexico ndi Turkey sasowapo. Mayiko ngati Bangladesh, Nigeria ndi Zambia ena amawaika pagulu lotsikirapo. Ine ndawaphatikiza chifukwa vuto ndi lomwelo: malonda akukula msanga kuposa mphamvu za boma zowayang'anira.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ili yaikulu m'mayiko amenewa kuposa m'mayiko olemera?

Malamulo nthawi zambiri alipo, ndipo ena ndi abwino. Osowa ndi anthu oonetsetsa kuti akutsatidwa. Oyendera mafakitale ndi ochepa, makhoti amatenga zaka, ndipo wantchito akadandaula amadziwa kuti pageti pali khamu lodikira malo ake. Bungwe la United Nations loona za antchito, ILO, linanena mu 2018 kuti anthu oposa 60 pa 100 aliwonse ogwira ntchito padziko lonse ali pa ntchito zosalembedwa m'kaundula aliyense, ndipo ku Africa chiwerengerochi chimapitirira 85 pa 100. Munthu wotere alibe kalata ya ntchito, alibe penshoni, koma kawirikawiri ndiye amene thonje, miyala kapena zipatso zake zimakathera kukampani yaikulu.

Chachiwiri ndi kukula kwa kampani poyerekeza ndi boma. Dziko limene ndalama zake zakunja zimadalira mkuwa, mafuta kapena zovala limaopa kukalipira amene akubweretsa ndalamazo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nduna imadziwa kuti ikalimba mtima, kampani iopseza zosamukira kudziko loyandikana nalo, kumene msonkho ndi wotsika ndipo mabungwe a antchito ndi ofooka.

Kumene zimenezi zimathera kunaoneka ku Bhopal, m'dziko la India, usiku wa pa 2 kulowa pa 3 Disembala 1984. Mpweya wakupha wotchedwa methyl isocyanate unatuluka m'fakitale ya Union Carbide yopanga mankhwala ophera tizilombo, n'kukuta nyumba za anthu osauka amene ankakhala m'mbali mwa mpanda wake. Anthu zikwi zingapo anafa m'masiku oyambirira, ndipo oposa theka la miliyoni anaupuma mpweyawo. Mu 1989 kampaniyo inagwirizana ndi boma la India kupereka madola 470 miliyoni, ndalama zimene zitagawidwa zinamuchepera kutali munthu wopunduka moyo wake wonse. Matani 337 a zinyalala za poizoni anachoka pamalopo mu Januwale 2025, patadutsa zaka 40.

Koma si ntchito ya kampani kupanga phindu basi? Zinazo n'za boma.

Mfundo imeneyi ili ndi mwini wake wotchuka, katswiri wa zachuma Milton Friedman, amene analemba mu 1970 kuti udindo wa bizinesi ndi kuchulukitsa phindu. Ankati bwana wogawa ndalama za kampani pa zachifundo akugawa za eni, osati zake. Pamenepo ananena zomveka, ndipo sindimunyoza. Koma iye mwini anawonjezera kuti phindulo lipezeke motsatira malamulo, popanda chinyengo. Maganizo ake amadalira boma limene lili maso ndipo limatha kulanga wolakwa. Kumene boma lotero kulibe, phindu lina limangokhala ngongole yosenzetsedwa munthu wina: msodzi amene nsomba zamufera, mayi amene mwana wake akutsokomola usiku wonse, m'badwo umene udzalipire kuyeretsa mtsinje. Ndalama yotere kampani sinaipange. Yangoitenga kwa amene alibe pokadandaula.

Kodi pali mayiko amene anachita kuika lamulo?

Alipo, ndipo otsogola ndi mayiko omwewa. Lotchuka ndi India. Gawo 135 la lamulo la makampani la 2013, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2014, limati kampani yaikulu igwiritse ntchito 2 peresenti ya phindu lake pothandiza anthu, powerengera avareji ya zaka zitatu zapitazo. Limagwira kampani imene chuma chake chafika marupi 5 biliyoni, kapena yogulitsa katundu wa marupi 10 biliyoni pachaka, kapena yopeza phindu la marupi 50 miliyoni. Poyamba yolephera inkangofotokoza chifukwa chake m'lipoti, koma kuyambira 2021 pali chindapusa. Mauritius inali itayamba kale mu 2009 ndi 2 peresenti yomweyo, ndipo Indonesia mu 2007 inaika udindowu m'lamulo kwa makampani ogwiritsa ntchito zachilengedwe monga migodi.

Lamulo la India latulutsa ndalama zambiri, makamaka za maphunziro ndi zaumoyo. Koma lili ndi zilema ziwiri zimene zimandidetsa nkhawa. Limalimbikitsa kampani kuyamba ndi dera limene ikugwirako ntchito, choncho ndalama zambiri zimathera m'zigawo zolemera kale monga Maharashtra, kumene kuli Mumbai, pamene zigawo zosauka monga Bihar zimangolawa. Chilema chachiwiri ndicho chachikulu: lamuloli limayang'ana 2 peresenti yotuluka, osafunsa kuti ndalama zonsezo zinalowa bwanji. Ndipotu zimene kampani yachitira antchito ake okha siziwerengedwa n'komwe ngati CSR. Fakitale imene malipiro ake safika pakati pa mwezi ikhoza kukwaniritsa lamuloli bwinobwino.

South Africa inadzera njira ina. Kumeneko kampani ya migodi singapatsidwe chilolezo chokumba popanda kulemba ndondomeko ya zimene ichitire antchito ake ndi anthu ozungulira mgodi.

Ndiye zikalembedwa choncho, zimachitika?

Yankho lili ku Marikana. Mu 2006 kampani ya Lonmin, yokumba platinum, inalonjeza m'ndondomeko yake yovomerezedwa ndi boma kuti imangira antchito nyumba 5,500 pofika 2011. Pofika 2012 inali itamanga zitatu zokha, za chionetsero. Antchito ambiri ankakhala m'zisakasa za malata ku Nkaneng, kopanda madzi okwanira ndi zimbudzi zabwino. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anawombera n'kupha anthu 34 amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a marandi 12,500. Komiti yofufuza imene ankaitsogolera woweruza Ian Farlam inapeza kuti kusamanga nyumbazo kunathandizira kukolezera mkwiyo pamgodipo. Kampaniyo inati ndalama zinasowa mitengo itagwa mu 2008, koma lonjezolo silinali mphatso, linali mbali ya chilolezo chokumbira. Boma, limene linali ndi mphamvu yoimitsa chilolezocho, linangoyang'ana zaka zonsezo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nyumba ya papepala sigonedwa.

Nanga masatifiketi ndi akatswiri oyendera sathandiza?

Amathandiza pang'ono, koma vuto lili pamizu: woyendera amalipidwa ndi woyenderedwa yemweyo. Pa 11 Sepitembala 2012 fakitale yosoka zovala ya Ali Enterprises ku Karachi, m'dziko la Pakistan, inapsa n'kupha anthu oposa 250, ambiri atasowa potulukira chifukwa cha mawindo a zitsulo ndi zitseko zokhoma. Masabata atatu okha m'mbuyomo fakitaleyo inali italandira satifiketi ya SA8000, yotsimikizira kuti ndi malo abwino ogwirirapo ntchito.

Ku Brumadinho, m'dziko la Brazil, damu losungira zinyalala za mgodi wa kampani ya Vale linaphulika pa 25 Januwale 2019 n'kukwirira anthu 270. Ambiri anali antchito amene ankadya chakudya chamasana m'kantini yomangidwa kunsi kwa damulo. Miyezi inayi m'mbuyomo kampani ya ku Germany ya TÜV SÜD inali itasainira kuti damulo ndi lolimba. Apa n'kuti patangodutsa zaka zitatu chiphulikire damu lina ku Mariana, la kampani ya Samarco imene eni ake ndi Vale yomweyo ndi BHP, limene linapha anthu 19 n'kudetsa mtsinje wa Doce mpaka kukafika kunyanja ya Atlantic. Tsiku la ngozi ya Brumadinho, dzina la Vale linali pa mndandanda wa makampani osamala anthu ndi chilengedwe wa msika wa masheya wa ku São Paulo.

Chinasintha n'chiyani pambuyo pa Rana Plaza?

Pa 24 Epulo 2013 nyumba ya nsanjika 8 yotchedwa Rana Plaza ku Savar, pafupi ndi Dhaka m'dziko la Bangladesh, inagwa n'kupha anthu 1,134, ndipo pafupifupi 2,500 anavulala. Dzulo lake ming'alu inali itaoneka kale. Banki ndi mashopu a pansi anatseka, koma osoka zovala anauzidwa kuti abwerere pamakina, apo ayi aluza malipiro a mwezi. Ambiri anali amayi ndi atsikana, ndipo zovala zimene ankasoka zinali za masitolo a ku Europe ndi North America.

Chimene chinabadwa pa maliro amenewa ndicho, kwa ine, chofunika kuchimvetsa kuposa china chilichonse pa nkhaniyi. Mu Meyi chaka chomwecho makampani ogula zovala anasainirana ndi mabungwe a antchito, IndustriALL ndi UNI pamodzi ndi a ku Bangladesh komweko, mgwirizano wotchedwa Accord. Makampani oposa 200 analowamo, ndipo unakhudza mafakitale oposa 1,600. Unasiyana ndi malonjezo akale chifukwa akatswiri oyendera sankasankhidwa ndi mwini fakitale, ndipo zimene apeza zinkaikidwa poyera pa intaneti, fakitale iliyonse ndi dzina lake. Wantchito anapatsidwa ufulu wokana kulowa m'nyumba yoopsa. Fakitale yokana kukonza inkaluza makasitomala onse osainawo nthawi imodzi. Koposa zonse, kampani yophwanya mgwirizanowu inkatha kutengeredwa kwa oweruza, ndipo zinachitikadi: mu 2018 kampani ina inavomera kulipira madola 2.3 miliyoni, zambiri mwa izo zokonzera mafakitale amene ankaisokera. Mawaya a magetsi anakonzedwa, mageti okhoma anachotsedwa, ndipo imfa za m'mafakitale a zovala zinatsika kwambiri. Kuyambira 2023 mgwirizanowu ukugwiranso ntchito ku Pakistan.

Koma Accord ndi wa moto ndi makoma, si wa malipiro. Mu 2023 malipiro otsikitsitsa a wosoka zovala ku Bangladesh anaikidwa pa mataka 12,500 pamwezi, pafupifupi madola 113, pamene antchito ankapempha 23,000. Wogula akamafuna fakitale yotetezeka kwinaku akukakamira shati yotchipa, pali wina amene amalipira, ndipo ndi wapamakina uja.

Kodi palibe makampani amene achitadi zabwino?

Alipo, ndipo kukana zimenezi kungakhale kunama. Fakitale ya zitsulo ya Tata ku Jamshedpur, m'dziko la India, inayamba kugwiritsa anthu ntchito maola 8 patsiku mu 1912, mayiko ambiri a ku Europe asanatero, ndipo mpaka lero pafupifupi magawo awiri mwa atatu a masheya a Tata Sons, kampani yoyang'anira makampani a Tata, ali m'manja mwa mabungwe achifundo. Pamene Edzi inkapulula anthu kum'mwera kwa Africa, makampani a Debswana ku Botswana mu 2001 ndi Anglo American mu 2002 anayamba kuthandiza antchito awo kupeza ma ARV, boma la South Africa lisanayambe kuwagawa m'zipatala zake. Ena amati ankangoteteza phindu lawo, popeza kuphunzitsa wantchito watsopano n'kodula kuposa mankhwala. Zikhoza kukhala choncho, paja kupatsa n'kuika. Koma anthu amene akanafa ali moyo, ndipo thandizo limene kampani nayo ikupindula nalo ndilo limakhalitsa, chifukwa silidulidwa chaka chovuta chikafika.

Tisaiwale tsono kuti Anglo American yomweyo ili m'gulu la makampani 6 amene mu 2018 anavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa anthu amene mapapo awo anawonongeka ndi fumbi la m'migodi ya golide, ambiri a iwo ochokera kumidzi ya ku Eastern Cape, Lesotho ndi Mozambique. Kampani imodzi ikhoza kupulumutsa munthu mbali ina n'kumudwalitsa mbali ina. N'chifukwa chake kufunsa kuti "kampaniyi ndi yabwino kodi?" sikutifikitsa patali. Tizifunsa za chinthu chimodzichimodzi.

Msonkho ukubweramo bwanji?

Ndiwo njira yaikulu imene kampani imabwezera kwa anthu, ndipo ndi ndalama zimene nzika zili ndi ufulu wofunsa kuti zapita kuti. Sukulu ya mphatso imamangidwa pamene kampani yafuna, pamene ya msonkho imadutsa m'nyumba ya malamulo.

Kazembedwe ka msonkho kodziwika ndi aka. Kampani ya mgodi imagulitsa miyala yake motchipa kwa kampani inzake ya mwini yemweyo yolembetsedwa kudziko la msonkho wochepa, kapena imabwereka ndalama kumeneko pa chiwongoladzanja chokwera, kapena imalipira ndalama zambiri ponena kuti ndi za uphungu. M'mabuku a dziko limene kuli mgodi mumaoneka kuti phindu palibe, pamene lenileni latulukira kwina. Gulu lotsogozedwa ndi Thabo Mbeki linanena mu 2015 kuti Africa imataya madola oposa 50 biliyoni pachaka m'njira zosaloledwa, ndipo gawo lalikulu limachokera ku malonda a makampani akuluakulu. UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda ndi chitukuko, mu 2020 inaika chiwerengerochi pa madola 88.6 biliyoni. Ikani ndalama zimenezi pasikelo, mbali inayo muikeko mijigo yonse imene makampani akumba, muone kumene kwalemera.

Ziphuphu ndi mbale wake wa nkhaniyi. Kampani yomanga ya ku Brazil, Odebrecht, inavomera mu 2016 kuti inapereka ziphuphu za madola pafupifupi 788 miliyoni m'mayiko 12, kuphatikizapo Angola, Mozambique ndi Peru. Nthawi yonseyo inali ndi bungwe lake lachifundo, lomwe linayamba kale mu 1965.

Kampani ikamanga chipatala kapena sukulu, vuto lili pati? Si kupeputsa boma?

Chipatalacho n'chabwino, ndipo mayi amene wachira mmenemo ali ndi chifukwa chothokozera. Vuto limabwera mgodi ukatha kapena ukagulitsidwa. Ku Copperbelt, m'dziko la Zambia, kampani ya boma ya ZCCM inkayendetsa zipatala, sukulu, madzi, ngakhale matimu a mpira. Migodi itagulitsidwa cha m'ma 2000, eni atsopano anali atabwerera mkuwa basi, ndipo makhonsolo a matauni ngati Luanshya ndi Mufulira anatsala ndi mtolo umene analibe mphamvu zousenza. Choncho funso loyamba pa chipatala chilichonse cha kampani likhale lakuti: pakadutsa zaka khumi namwino azidzamulipira ndani, ndipo mankhwala azidzachokera kuti?

Vuto lina ndi kugawanitsa anthu. Ku Niger Delta, m'dziko la Nigeria, makampani a mafuta apereka ndalama za chitukuko kwa zaka zambiri, koma kawirikawiri zinkapita kumudzi umene uli pafupi ndi paipi kapena kwa atsogoleri otha kutontholetsa anthu, ndipo midzi inkayambana polimbirana kuti mwini malo ndani. Lamulo la mafuta la Nigeria la 2021 limalamula kampani kuika 3 peresenti ya ndalama zimene inayendetsera ntchito chaka chapitacho m'thumba la midzi yozungulira. Koma lamulo lomwelo limati paipi ikawonongedwa ndi anthu, ndalama zokonzera zichoke m'thumbamo. Ndiye kuti mudzi wonse ulangidwa chifukwa cha anthu ochepa, mwinanso ochokera kwina.

Anthu a m'dera angathe kukana?

Zolembedwa zimatero, makamaka kwa mitundu ya anthu amene ndi eni nthaka kuyambira makolo awo. Chikalata cha United Nations cha 2007 chimati afunsidwe ntchito isanayambe, auzidwe zonse, ndipo avomere mosakakamizidwa. Zoti akane n'kumvedwa zimachitika mwa apo ndi apo. Mu 2013 khoti lalikulu la India linagamula kuti misonkhano ya midzi ndiyo inene ngati bauxite, mwala wopangira aluminiyamu, akumbidwe m'mapiri a Niyamgiri ku Odisha, amene a Dongria Kondh amawaona ngati opatulika ndipo kampani ya Vedanta inkawafuna. Midzi 12 inafunsidwa, yonse 12 inakana, ndipo mgodi sunatsegulidwe. Kufunsa kwenikweni kumadziwika ndi chinthu chimodzi: yankho loti ayi likhale lotheka. Msonkhano woitanidwa mathirakitala atafika kale ndi chidziwitso chabe.

Kampani ikawononga, anthu akadandaule kuti?

Mu 2011 United Nations inavomereza mfundo zimene anakonza John Ruggie: boma liteteze ufulu wa anthu, kampani iulemekeze, ndipo wolakwiridwa apeze pokadandaula. Yachitatuyi ndiyo yatsalira kwambiri. Kwa nthawi yaitali likulu la kampani ku London kapena ku The Hague, m'dziko la Netherlands, linkati zochitika kunja ndi za nthambi yake ya kumeneko, iyo sizikuikhudza. Zimenezi zayamba kusintha. Mu 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku UK linalola anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola ku Zambia kusumira Vedanta ku London pa nkhani ya madzi oipitsidwa ndi mgodi wa Nchanga, wa nthambi yake ya ku Zambia. Mlanduwo unatha mu 2021 pokambirana, kampani osavomera kulakwa. Chaka chomwecho khoti la apilo ku The Hague linagamula kuti nthambi ya Shell ku Nigeria ilipire alimi amene minda ndi maiwe awo a nsomba anawonongeka ndi mafuta.

Mlandu suwola, n'zoona, koma anthu amakalamba. Wa ku The Hague unayamba mu 2008, ndipo awiri mwa alimi anayi amene anauyamba anali atamwalira pofika tsiku la chigamulo. Ken Saro-Wiwa ndi anzake 8 ananyongedwa ndi boma la asilikali la Nigeria pa 10 Novembala 1995, atatsogolera anthu a mtundu wa Ogoni kutsutsa kuwonongedwa kwa dera lawo ndi makampani a mafuta. Patatha zaka 16, lipoti la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti kuyeretsa Ogoniland kungatenge zaka 25 mpaka 30, ndipo m'zitsime za ku Nisisioken Ogale munali benzene, poizoni wopezeka m'mafuta, wopitirira ka 900 mlingo umene WHO imalola. Anthu ankamwa madzi amenewo tsiku ndi tsiku.

Kodi olakwa ndi makampani akunja okha?

Ayi. Vale ndi Odebrecht ndi makampani a ku Brazil, Rana Plaza inali ya nzika ya Bangladesh, ndipo mkaka wothiridwa melamine, mankhwala opangira mapulasitiki, umene unadwalitsa makanda pafupifupi 300,000 ku China mu 2008 unapangidwa ndi makampani a konko, monga Sanlu. Kampani ya m'dziko momwemo nthawi zina ndiyo yovuta kuigwira, chifukwa ilibe makasitomala akunja oti iwachitire manyazi, ndipo mwini wake amadyera mbale imodzi ndi andale.

Malamulo atsopano a ku Europe athandiza alimi ndi antchito a m'mayiko amenewa?

Mayiko a France, mu 2017, ndi Germany, kuyambira 2023, analamula makampani akuluakulu kufufuza nkhanza ndi kuwononga chilengedwe pakati pa amene amawagulitsa katundu. European Union inavomereza lamulo lofanana mu 2024, ngakhale kuti posakhalitsa inayamba kulichedwetsa ndi kulifewetsa. Cholinga n'chabwino. Nkhawa yanga ili pa amene alipire zonsezi.

Tione za koko. Mu 2001 makampani a chokoleti anasainira pangano la Harkin-Engel lothetsa ntchito zoopsa za ana, n'kumasuntha tsiku lomaliza kangapo. Kafukufuku wa bungwe la NORC la ku yunivesite ya Chicago anapeza mu 2020 kuti ana pafupifupi 1.56 miliyoni akugwirabe ntchito m'minda ya koko ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Kholo silipatsa mwana chikwanje chifukwa chosadziwa ubwino wa sukulu. Limatero chifukwa ndalama ya koko sikwana kulemba waganyu. Mafomu, mapu a munda ndi oyendera akachuluka koma mtengo osakwera, mlimi wamng'ono ndiye amachotsedwa pamsika. Mayiko awiriwa atagwirizana mu 2019 kuwonjezera madola 400 pa tani iliyonse kuti alimi apeze zokwanira, ankaloza pamene pali bala penipeni.

Ndiye ndikamawerenga lipoti la kampani, ndiyang'ane chiyani?

Dumphani kaye zithunzi, mupite ku manambala. Ndi antchito angati afa kapena kuvulala chaka chino, ndipo owerengedwawo akuphatikizapo olembedwa kudzera mwa makontirakitala? Ntchito zoopsa kawirikawiri zimapatsidwa kwa amenewo. Wolandira zochepa kwambiri amalandira zingati? Bungwe la antchito lilipo, ndipo linasainirana liti ndi mabwana? Msonkho walembedwa dziko ndi dziko, kapena waunjikidwa pamodzi? Madandaulo afika angati, ndipo athetsedwa angati? Lipoti lopanda nkhani yoipa ngakhale imodzi likubisa zinazake.

Zizindikiro zimene kampani imaika pachikuto muzidziwe kulemera kwake. Kukhala membala wa UN Global Compact, imene Kofi Annan anakhazikitsa mu 2000, ndi kulonjeza kutsatira mfundo 10 ndi kutumiza lipoti chaka chilichonse, koma palibe amene amabwera kudzayendera. ISO 26000 ya 2010 ndi malangizo chabe ndipo ilibe satifiketi, choncho kampani yonena kuti ili nayo ikunena za chinthu chimene kulibe. Ngati ntchitoyo inalandira ndalama za IFC, pali ofesi yoima payokha yotchedwa CAO imene imalandira madandaulo a anthu a m'dera, m'chinenero chilichonse, ngakhale pa kalata wamba. Ndipo pa lonjezo lililonse, kaya ndi la nyumba, msewu kapena mitengo yodzala, tengani lipoti la zaka zisanu zapitazo muliike pambali pa la chaka chino, muone ngati nambala ndi tsiku zimene analonjeza zija zikutchulidwabe.